Kagalu Kosatopa: Kuphunzitsa Galu Woweta Nkhosa Kudekha

Anthu amene anatengapo mwana wa galu wa mtundu wa Border Collie n'kumulera pakhomo popanda nkhosa amadandaula zofanana, kaya ali ku Glasgow, ku Sydney kapena ku Johannesburg. Kagalu kamene kanali kosangalatsa kali ndi miyezi iwiri, pofika miyezi 7 kasanduka chipsinjo. Kamathamangitsa njinga ndi galimoto, kamazungulira ana akamasewera n'kumawaluma zidendene, kamatafuna nsapato ndi miyendo ya mipando, ndipo dzuwa likamalowa, pamene anthu akufuna kupuma, m'pamene iko kamayamba liwiro lozungulira nyumba uku kakuuwa. Malangizo amene mwini galu amamva kwa anansi ndi pa intaneti ndi amodzimodzi: galuyo mphamvu zamuchulukira, mutopetseni. Ndiye munthu amagula mpira, m'mawa kuponya, madzulo kuponya, mpaka phewa kuwawa. Pakapita miyezi ingapo galu uja amakhala atalimba thupi kuposa kale, kusakhazikika kuli pomwepo, ndipo wotopa ndi mwini wake. Malangizowa ali nako kachoonadi, koma amaphonya pamene pagona vuto. Galu wotere amasowa luso lolekeza, ndipo luso limeneli limachita kuphunzitsidwa, monga momwe amaphunzitsidwira kubwera akaitanidwa.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe ndi kumene galuyu anachokera. Kwawo ndi kumapiri a m'malire a Scotland ndi England, kumene nkhosa zimamwazikana pamsipu waukulu moti munthu woyenda pansi sangazisonkhanitse yekha. Mpikisano woyamba wodziwika wa agalu oweta nkhosa ku Britain unachitikira ku Bala, m'dziko la Wales, mu 1873, ndipo mu 1906 kunakhazikitsidwa bungwe la International Sheep Dog Society, limene mpaka lero limasunga kaundula wa agaluwa potengera ntchito yawo. Galu amene ambiri amamutenga ngati kholo la mtunduwu ndi Old Hemp, yemwe anabadwa mu 1893 pakhomo pa mbusa Adam Telfer ku Northumberland. Chimene chinamutchukitsa n'chofunika kwambiri pankhani yathu. Agalu ambiri a nthawi imeneyo ankayendetsa nkhosa mwaphokoso ndi mwaphuma, koma Hemp ankagwira ntchito mwakachetechete, atatsitsa mutu, akuyang'anitsitsa nkhosa mpaka izo n'kuyenda kumene iye akufuna. Abusa anamukonda chifukwa cha kudekhako, ndipo anabereketsa ana pafupifupi 200. Choncho amene amati Border Collie ndi galu wojijirika mwachibadwa amangonena theka la nkhani. Kufatsa nako kuli m'magazi omwewo.

Nanga theka linalo? Raymond Coppinger, katswiri wa zamoyo wa ku America amene anathera zaka zambiri akufufuza agalu ogwira ntchito, anafotokoza kuti kuweta kwa galu n'kusaka kumene kunadulidwa mapeto. Mmbulu ukamasaka umatsata ndondomeko: umaona nyama, umaiyang'anitsitsa, umaiwenda, umaithamangitsa, umaigwira ndi mano, umaipha, kenako n'kuing'amba. Abusa, posankha agalu oti abereke m'mibadwo yambiri, anakulitsa masitepe oyambirira, kuyang'anitsitsa, kuwenda ndi kuthamangitsa, n'kufooketsa kupha. Mwa agalu oweta ng'ombe, monga Australian Cattle Dog, anasiyamonso kuluma pang'ono, chifukwa ng'ombe yamakani imasuntha ikalumidwa kuchidendene. Mwana wa galu akamazungulira ana kapena kuwenda nkhuku, si mwano ayi, ndipo sakuchita kuti akupsetseni mtima. Chinthu choyenda chamudzutsira ndondomeko imene anabadwa nayo. Chovuta n'chakuti ndondomekoyi imadzilipira yokha. Galu safuna nyama kapena kuyamikiridwa kuti athamangitse njinga. Kuthamangitsako n'kokoma pakokha, ndipo nthawi iliyonse imene wachita, chilakolako chodzachitanso chimakula.

Tsopano taonani ntchito yeniyeni imene galuyu amagwira akakhala ndi mbusa wodziwa. Lamulo limene abusa amalimbikira kwambiri pophunzitsa ndi loti galu aime kapena agone pansi pomwe alipo, ngakhale nkhosa zikuthawa patsogolo pake. Galu wosamva lamuloli ndi wachabechabe kuphiri ngakhale atakhala ndi liwiro lotani, chifukwa amamwaza gulu, amagwetsera nkhosa m'maenje, ndipo amatopetsa zabere. Pa mpikisano waukulu wa bungwe lija, galu amatumizidwa mtunda wopitirira mamita 700 kukatenga nkhosa 10, kenako amauzidwa ndi likhweru kuti azisiye, atembenuke n'kukatenga zina 10 kumbali ina. Pamapeto iye ndi mbusa amapatula nkhosa zisanu zovala malamba m'khosi pakati pa nkhosa 20 zija n'kuzilowetsa m'kakhola. Kusiya nkhosa zimene wazigwira kale n'kuzifulatira ndi chinthu chotsutsana ndi chibadwa chonse cha galu, ndipo kupatula nkhosa kumafuna galu amene angathe kuima njii, n'kusuntha phazi limodzi lokha akauzidwa. Kunja kwa mpikisano, ntchito ya pafamu imayendera nyengo: imachuluka posonkhanitsa nkhosa, pometa ubweya ndi pamene zikuswa, koma masiku ambiri galu amagwira ntchito kanthawi, nthawi yotsalayo n'kukhala ali gone m'khola mwake kapena kumbuyo kwa galimoto. Galu wa mbusa amadziwa kudikira, ndipo abusa ali ndi mawu awo ouza galu kuti ntchito yatha, asiye nkhosa abwere. Galu wa m'tauni, amene amaponyeredwa mpira kawirikawiri, nthawi zambiri sanamvepo mawu oterowo.

Apa m'pamene mpira umaonekera kuti si mankhwala. Thupi la galu limazolowera ntchito monga limachitira la wothamanga aliyense: amene watopa ndi mphindi 20 mwezi uno adzafuna mphindi 40 mwezi wamawa, ndipo munthu wopita kuntchito sangapambane mpikisano umenewu ndi nyama imene inapangidwira kukwera mapiri. Chachiwiri, mpira woponyedwa mobwerezabwereza umadzutsa ndondomeko ija, kuyang'anitsitsa, kuthamangitsa, kugwira, maulendo ambirimbiri motsatizana, popanda malo amene galu akufunika kudziletsa. Mtima umagunda, timadzi tochangamutsa thupi totchedwa adrenaline timakwera, ndipo masewera akatha thupi silibwerera msanga m'chimake. Galu amalowa m'nyumba lilime lili panja koma maso ali tcheru, akufunafuna china choti chiyende. Mwini wake amaona ngati sanamutopetse mokwanira, pamene zoona n'zakuti wamuphunzitsa kuti kukhala ndi munthu kumatanthauza liwiro. Palinso nkhani ya mafupa. Mwa galu wamng'ono nsonga za mafupa aatali zimakhala zisanakhwime mpaka atakwanitsa chaka kapena kupitirirapo, ndipo kuima mwadzidzidzi, kupotoloka ndi kudumphira mpira m'malere n'kumene kumapanikiza kwambiri mfundo za miyendo.

Wina anganene kuti: kodi ndiye mukuti galu wotere azingokhala? Ayi ndithu, ndipo wotsutsayu ali ndi umboni kumbali yake. Ofufuza a pa yunivesite ya Helsinki, motsogozedwa ndi Hannes Lohi, mu 2021 anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa agalu opitirira 11,000, ndipo anapeza kuti kujijirika ndi phuma zimapezeka kwambiri mwa agalu aang'ono, aamuna, ndi amene amasiyidwa okha pakhomo nthawi yaitali. Galu wotsekeredwa tsiku lonse sangaphunzire kudekha, amangofufuma. Funso lili pa mtundu wa kuyendako. Kuyenda pang'onopang'ono pa chingwe chachitali, cha mamita asanu kapena 10, galu akuloledwa kununkhiza chitsa chilichonse ndi tchire lililonse mmene akufunira, kumagwiritsa ntchito thupi ndi ubongo popanda kudzutsa mtima wothamangitsa. Mphuno ikakhala pansi, maso amasiya kusaka zoyenda. Charlotte Duranton ndi Alexandra Horowitz mu 2019 anayerekeza agalu amene kwa milungu iwiri ankachita masewera ofufuza chakudya ndi mphuno ndi ena amene ankaphunzira kuyenda pambali pa mwini wawo, ndipo anapeza kuti oyambawo ankafulumira kupita ku mbale imene sankadziwa ngati muli chakudya, chizindikiro chakuti ankayembekezera zabwino. Kafukufukuyu anali wa agalu ochepa, koma akugwirizana ndi zimene ophunzitsa agalu amaona tsiku ndi tsiku. Kumwaza chakudya cha galu mu udzu kuti achite kuchifunafuna kumamukhazika mtima pansi kuposa kumuponyera mpira nthawi yofananayo. Mpirawo sukuletsedwa, koma ukhale wa maulendo ochepa, galu adikire kaye asanauthamangire, ndipo pakhale mawu amodzi omuuza kuti masewera atha, akanenedwa mpira n'kubisidwa.

Chinthu chimene eni agalu ambiri sachiganizira n'komwe ndi tulo. Mwana wa galu wa miyezi yochepa amafunika kugona mbali yaikulu ya tsiku, ndipo ngakhale galu wamkulu amagona pafupifupi theka la tsiku. Agalu a mitundu ina amangodzigwetsa pansi tulo tikawagwira, koma galu woweta, amene chilichonse choyenda chimamukoka, sadzigoneka yekha m'nyumba imene muli ana, alendo ndi chitseko chotseguka. Aliyense amene analerapo mwana amadziwa mmene khanda lotopa limachitira: m'malo mogona limalira, limapiringizika, limakana bere, ndipo mayi wanzeru salipatsa choseweretsa china, amangolibereka kumsana n'kupita nalo pamalo aphee. Liwiro lamadzulo lija, limodzi ndi kuluma manja ndi malaya, kawirikawiri limachokera pa kutopa kotereku. Mankhwala ake ndi kakhola kapena kachipinda kamene galu anazolowera kudyeramo, kopanda zenera loyang'ana kumsewu, kumene amaikidwa pa nthawi zodziwika, atayenda, atadya, atadzithandiza, ali ndi chinthu chotafuna. Malowa asakhale ndende yolangira. Galu akamaponyedwamo nthawi imene walakwa, amawada, ndipo sangagonemo mwamtendere.

Kudekha kwenikweniko kumaphunzitsidwa ndi mphasa kapena chiguduli. Mwini galu amayala kachiguduli pansi, galu akapondapo amamupatsa kachakudya, akagonapo amamupatsanso, ndipo pang'onopang'ono amatalikitsa nthawi pakati pa kachakudya kena ndi kena. Karen Overall, dokotala wa ziweto wa ku America, m'buku lake la mu 1997 anaika ndondomeko ya masiku 15 imene ophunzitsa ambiri amaitsatira. Imayamba ndi zinthu zooneka zachibwana: galu akhale pansi masekondi asanu, munthu abwerere m'mbuyo sitepe imodzi n'kubwerera, aombe m'manja pang'ono. M'masiku otsatira munthu amazungulira galu, amathamanga pamalo amodzi, amatuluka pakhomo, amagogoda ngati kwabwera mlendo. Galu akadzuka sakalipiridwa. Munthu amangobwerera pa sitepe imene galu anaikwanitsa. Chinsinsi chili pa chimene chikulipidwa. Galu woweta amatha kugona pansi minofu ili gwaa, maso ali pa dzanja la munthu, akudikira lamulo lotsatira, ndipo kumeneko n'kuwenda, si kupuma. Kachakudya kaperekedwe pamene wagonera mbali imodzi, pamene watsamira chibwano pansi, pamene wapuma mpweya wautali, ndipo kaikidwe mofatsa pakati pa miyendo yake yakutsogolo, mosaponya ndi mosafuula mawu oyamikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu waphuma amene amafuna kulumpha masitepe amabwerera pachiyambi kangapo. Ena amati kupatsa galu chakudya chifukwa chongogona ndi chiphuphu. Chikanakhala chiphuphu chakudyacho chikanaonetsedwa galu asanachite kanthu. Pano chimabwera pambuyo, ndipo chimatengedwa pa chakudya chake cha tsikulo, chimene akanadya m'mbale mwaulere.

Maphunzirowa amapita pachabe ngati galu amathera masana akuthamanga m'mbali mwa mpanda kutsatira galimoto iliyonse. Kwa iye galimoto imene wauwa n'kuithamangitsa imathawadi, ndiye amapambana tsiku lililonse. Pamene akuphunzira, mpata wochita chizolowezi choipacho utsekedwe: asaone msewu, asasiyidwe yekha ndi ana othamanga, ndipo poyenda akhale pa chingwe. Njinga ndi galimoto aziziona ali patali, pamtunda umene akutha kuziyang'ana n'kutembenukira kwa mwini wake, ndipo mtundawo uzifupikitsidwa pang'onopang'ono. Ana nawo auzidwe kuti galu akayamba kuwazungulira aime chilili, manja atapinda, chifukwa kukuwa ndi kuthawa n'kumene kumamuwonjezera moto. Choopsa kwambiri ndi kusewera naye ndi kuwala kwa tochi kapena kadontho kofiira ka laser. Kuwala sikugwirika, choncho ndondomeko ija simafika pamapeto, ndipo agalu ena a mtundu uwu amatengera pamenepo matenda oyang'anitsitsa zithunzithunzi ndi kunyezimira kwa chilichonse kwa maola ambiri, vuto limene limavuta kwambiri kuchiza.

Pali mtsutso wakale umene sufuna kufa, woti galu wosamva amafunika ndodo kuti adziwe mwini mudzi ndani. Maganizo akuti galu amalimbirana ufumu ndi munthu anachokera pa kafukufuku wa mimbulu yotsekeredwa, monga amene Rudolph Schenkel anachita kumalo osungira nyama ku Basel n'kusindikiza mu 1947, ndipo anafalikira ndi buku la David Mech la mu 1970. Koma Mech yemweyo, ataonerera mimbulu yakutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, makolo ndi ana awo, ndipo anasiya kugwiritsa ntchito maganizo akalewo. Ku Porto, m'dziko la Portugal, kafukufuku wa mu 2020 wa agalu 92 anapeza kuti ophunzitsidwa mokalipiridwa ndi kukokedwa chingwe ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, ndipo timadzi tosonyeza nkhawa totchedwa cortisol tinkakwera m'malovu awo akamaliza maphunziro, poyerekeza ndi ophunzitsidwa ndi mphotho. Dziko la Wales, kumene mpikisano woyamba uja unachitikira, linaletsa malamba a m'khosi ogwiritsa ntchito magetsi mu 2010. Ndodo imatha kuimitsa galu pa mphindi imeneyo, izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake anthu amaikhulupirira. Koma galu amene wauma ndi mantha mtima wake ukugunda kuposa poyamba, ndipo vuto lathu linali lomwelo la mtima wogunda. Border Collie makamaka ndi galu wosachedwa kukhumudwa. Abusa amadziwa kuti wamng'ono akamenyedwa pa nkhosa amatha kuzifulatira osafunanso kugwira ntchito.

Ena amati musadzivutitse, adzasiya akakula. Apa pali choonadi chimene chingatonthoze munthu amene akuona ngati maphunziro ake onse asungunuka. Lucy Asher wa pa yunivesite ya Newcastle ndi anzake mu 2020 anaonetsa kuti agalu a miyezi 8 ankanyozera lamulo loti akhale pansi likachokera kwa wowalera, kuposa mmene ankachitira ali ndi miyezi isanu, chikhalirecho kwa mlendo ankamvera bwinobwino. Agalu amenewo anali a mitundu ya Labrador, Golden Retriever ndi German Shepherd, ndipo kusamverako kunali kwa kanthawi. Unyamata umatha. Chimene sichitha chokha ndi chizolowezi. Galu amene wathamangitsa njinga kwa chaka chathunthu adzafika zaka zitatu ali katswiri wothamangitsa njinga.

Nzeru za galuyu, zimene anthu amamugulira, zimadula mbali zonse ziwiri. Stanley Coren m'buku lake la mu 1994 anaika Border Collie pa nambala 1 pa kufulumira kumva malamulo. Galu wina dzina lake Rico, yemwe anafufuzidwa ku Germany, ankadziwa mayina a zinthu pafupifupi 200, ndipo Chaser, wophunzitsidwa ndi John Pilley ku South Carolina, anafika pa 1,022. Galu amene angathe zimenezi sachedwanso kuzindikira kuti akauwa katatu mpira umatuluka, kapena kuti akaba sokosi nyumba yonse imadzuka kumuthamangitsa. M'makomo ambiri galu akagona phee palibe amamuyang'ana, akayamba chipwirikiti aliyense amamutchula dzina, ndipo iye amawerengera bwino kumene kuli phindu. Kusintha masamu amenewa sikufuna zipangizo: kachakudya kagwere pamene wagona yekha osauzidwa, ndipo munthu atembenuke kapena atuluke pamene akuumiriza masewera. Ndikuonanso kuti eni agalu ena, atamva kuti galu wanzeru amafuna zochita, amapitirira muyeso, n'kumudzazira tsiku ndi masewera, maphunziro ndi zidole moti sapeza mpata wozolowera kuti nthawi zina palibe chikuchitika. Maphunziro a mphindi zisanu kawiri kapena katatu patsiku amakwana.

Mtsutso wolemera kuposa yonse ndi wakuti galu wotere malo ake ndi pa nkhosa basi, ndipo kumusunga m'tauni n'kumulakwira. Kwa agalu ambiri izi si zoona, chifukwa amakhazikika bwino akapeza kuyenda kokwanira, tulo, ntchito ya mphuno ndi munthu wosasinthasintha malamulo. Zomwezi zimagwira ntchito pa German Shepherd, amene Max von Stephanitz anamukhazikitsa ngati mtundu mu 1899 kuchokera ku agalu oweta nkhosa a ku Germany, ndipo lero amapezeka kuseri kwa mipanda ya ku Lilongwe ndi ku Lusaka akulondera nyumba, nthawi zina atamangidwa pa unyolo masana onse n'kumasulidwa usiku, eni ake n'kumadabwa chifukwa chake amalumphira aliyense. Koma kwa agalu ena mtsutsowu ndi woona. Choyamba galu amene sakhazikika ngakhale zonsezi zachitika aonedwe ndi dokotala wa ziweto, chifukwa utitiri, kuyabwa kwa khungu, njoka za m'mimba ndi ululu wa m'chiuno zimalepheretsa galu kugona, ndipo ochepa amakhala ndi nkhawa yofunika mankhwala. Akapezeka kuti ali bwinobwino, ndipo anachokera kwa makolo ogwira ntchito yolemetsa kuphiri, mwina nyumbayo ndi imene sikumuyenera. Ku Britain kuli mabungwe opulumutsa agalu a mtundu wa Border Collie amene amayesa galu wotere pa nkhosa n'kumupezera mlimi, ndipo kawirikawiri amene ankatafuna mipando ndi kuwenda galimoto ndi yemweyo amene mlimi amamufuna. Munthu amene sanagule galu achite bwino kupita kukaona mayi wake wa kagalu kamene akufuna kugula, osati pamene akugwira ntchito pokha, komanso ntchito itatha, n'kuona ngati amatha kugona pansi anthu akucheza.